Ndalama za boma zikafika m'komiti yanu: mafunso ndi mayankho pa kasamalidwe kake

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera ku makomiti oyendetsa sukulu za pulayimale olandira ndalama za SIG (thandizo la boma lotukulira sukulu), mabungwe a m'midzi olembetsedwa ku khonsolo, makopaletivi a alimi, ndi mabungwe ang'onoang'ono omwe si aboma koma amapatsidwa thandizo kuchokera m'thumba la boma la Malawi. Pulogalamu iliyonse ili ndi malangizo ake. Pamene malangizowo kapena mgwirizano umene mudasaina zikunena mosiyana ndi zili pano, tsatirani zimenezo.

Ndalamazi zikalowa mu akaunti yathu, si zathu kale?

Ayi. Zidakali za boma mpaka mutaonetsa kuti zagwira ntchito imene zidaperekedwera. Lamulo loyendetsera chuma cha boma, lomwe lidakonzedwanso mu 2022, komanso lamulo la kafufuzidwe ka ndalama za boma, amalola Mkulu Wowerengera Ndalama za Boma kuzilondola kulikonse kumene zapita. Owerengera ndalama a ku khonsolo nawonso angabwere, ngakhale bungwe lothana ndi katangale la ACB.

Pamenepa pakutuluka zinthu zitatu. Simungazigwiritse ntchito pa chinthu chimene mulibe mu pulani yovomerezedwa, ngakhale chinthucho chitakhala chabwino. Zotsala pamapeto simungangogawa mmene mwafunira. Ndipo kwacha iliyonse yopanda pepala loiikira umboni imawerengedwa ngati ngongole imene wina m'komiti ayenera kubweza, ngakhale aliyense m'mudzimo akudziwa kuti simentiyo idagulidwadi.

Ndife ochepa ndipo timadziwana. Bwanji tizilondana ngati akuba?

Makomiti ambiri amene ndalama zidawasokonekera sadali ndi wakuba pachiyambi. Adali ndi munthu wokhulupirika mmodzi amene adamusiyira zonse: buku la macheke, buku la ndalama, kiyi wa bokosi, ndi ulendo wa ku banki. Tsiku lina kwagwa maliro, kapena mwana wabwezedwa kusekondale chifukwa cha fizi, kapena feteleza wafika ku depoti ndalama zapakhomo zisanapezeke. Munthuyo amatenga pang'ono akudziuza kuti abweza akagulitsa soya. Poti palibe amene akuyang'ana, kubwezako kumachedwa, kenako kumabwera lisiti lopeka lotsekera dzenjelo.

Nkhani ya Cashgate ya mu 2013 idachitika ndi ndalama zambirimbiri, koma njira yake inali yomweyi: malipiro ankapita kwa makampani amene sadapereke katundu aliyense, ndipo zolembedwa zake zinkafufutidwa m'kompyuta za boma popanda wina woziona msanga.

Kugawana ntchito kumateteza msungichuma woona mtima kuposa wina aliyense. Achimwene ake kapena mtsogoleri wina akabwera kudzapempha kuti "tibwerekeko mpaka Lolemba", iye ali ndi yankho losafuna mkangano: sindingathe kutulutsa ndekha, pamafunika siginecha za anthu awiri ndi maminitsi a komiti.

Nanga tigawane bwanji ntchitoyi pamene ogwira ntchito enieni ndi atatu kapena anayi okha?

Ndalama iliyonse yotuluka imadutsa masitepe asanu: kupempha, kuvomereza, kulipira, kulandira katundu, ndi kulemba m'buku. Lamulo lalikulu n'lakuti munthu mmodzi asagwire masitepe onsewa, ndipo makamaka awiriawiri awa asakhale m'manja amodzi: wovomereza asakhale wolipira, wogula asakhale wolandira katundu, wolemba buku asakhale woliona ngati lili bwino.

Pasukulu zitha kuyenda chonchi. Mphunzitsi woyang'anira zipangizo alemba pempho la choko ndi mapepala. Mphunzitsi wamkulu aona ngati zili mu pulani, wapampando wa komiti avomereza. Msungichuma akonza vocha, lomwe ndi pepala lofotokoza malipirowo, ndi kulipira. Katundu akafika, amalandiridwa ndi mamembala awiri amene sadapite kokagula, mwachitsanzo mmodzi wa PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) ndi mmodzi wa gulu la amayi. Pakutha pa mwezi membala wina wodziwa kuwerengera, amene sasainira ku banki, amafananiza buku ndi sitetimenti ya ku banki.

Mukakhala atatu okha, itanani membala wa komiti yaikulu kuti azilandira katundu ndi kuona buku. Safunika satifiketi ya akawuntanti. Akadziwa kuphatikiza, kuchotsera ndi kufunsa mosaopa, wakwanira.

Osainira ku banki akhale angati?

Atatu kapena anayi, ndipo pa malipiro alionse asaine awiri. Ndi bwino kuwagawa m'magulu awiri, a mu ofesi ndi a m'komiti, n'kuuza banki kuti siginecha imodzi izichokera mbali iliyonse. Mwamuna ndi mkazi wake, kapena munthu ndi mlamu wake, asakhale osainira limodzi.

Chimene chimaononga dongosolo lonseli ndi kusainiratu cheke kapena fomu ya ku banki yosalembedwa, ati poti wosainira wachiwiri amakhala kutali kapena wapita kumunda. Siginecha yachiwiri ikaikidwa papepala lopanda dzina la wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama, ndiye kuti akauntiyo ili ndi wosainira mmodzi. Wosainira aliyense ayenera kuona vocha ndi mapepala ake onse asanagwire cholembera. Ngati banki yakupatsani njira yolipirira pa intaneti, wina azilowetsa malipiro, wina azivomereza, aliyense ndi nambala yake yachinsinsi yosabwereketsa. Khadi la ATM pa akaunti yotere musalilole, chifukwa limatulutsa ndalama ndi munthu mmodzi.

Pemphaninso banki kuti mauthenga a pafoni osonyeza zolowa ndi zotuluka azipita kwa anthu awiri. Ndipo komiti ikasintha, kalata yochotsa osainira akale ipite ku banki sabata yomweyo, pamodzi ndi maminitsi a chisankho.

Tingasunge ndalama za boma mu akaunti yomweyo ya zopereka za makolo kapena masheya a mamembala?

Ngati mgwirizano ukufuna akaunti yakeyake, palibe kukambirana. Ngakhale usanene, kusakaniza kumabweretsa vuto limodzi losatha: simudziwa ndalama imene yalipira chinthu ndi ya ndani, ndipo mumapezeka mwalipira mlonda ndi ndalama za mabuku. Pamene akaunti yachiwiri siingatheke, buku la ndalama likhale ndi ndime yosiyana ya gwero lililonse, ndipo ndalama yotsala ya gwero lililonse idziwike pakutha pa mwezi.

Mabuku ofunika kwenikweni ndi ati?

Buku la ndalama ndiye mutu wa onse. Hadikava wamba wamkulu amakwanira, bola masamba ake alembedwe manambala kuyambira 1 musanayambe kuligwiritsa ntchito, kuti tsamba likang'ambidwa zidziwike. Lizikhala ndi ndime za tsiku, nambala ya vocha, nambala ya cheke kapena ya malipiro a ku banki, wolandira, chifukwa, gawo la bajeti, zolowa, zotuluka, ndi zotsala. Lembani ndi bolopeni tsiku lomwelo. Mukalakwitsa, dulani mzere umodzi woti zolakwikazo zizionekabe, lembani zoona pamwamba pake, musaine pambali. Tipeksi ndi pensulo zisayandikire bukuli.

Pambali pa limeneli pafunika buku la malisiti a ndalama zolandira lokhala ndi kaboni, fayilo ya mavocha oyalidwa motsatana manambala, buku la katundu wolowa ndi kutuluka m'stolo, kaundula wa katundu wokhalitsa monga madesiki, njinga ndi masikelo, ndi buku la maminitsi. Ambiri amalichepetsa buku la maminitsi, chonsecho ndi lokhalo limene limaonetsa kuti amene adaganiza zogula malata ndi komiti, osati munthu mmodzi. Maminitsi azitchula kuchuluka kwa ndalama imene yavomerezedwa, osangoti "tidagwirizana zokonza denga".

Katundu wokhalitsa alembedwe nambala ndi penti, nambala yomweyo ikhale m'kaundula, ndipo awerengedwe kamodzi pachaka.

Pa malipiro amodzi pakhale mapepala ati?

Yalani motsatira mmene zinthu zidachitikira. Pansi penipeni pempho losainidwa. Pamwamba pake makotesheni (mapepala a mitengo ochokera kwa ogulitsa) ndi kapepala koonetsa amene mwasankha ndi chifukwa chake. Kenako oda yopita kwa wogulitsa, delivery note kapena kapepala kolandirira katundu kosainidwa ndi olandira, invoisi, vocha yolipirira yosainidwa ndi wokonza, wovomereza ndi wolandira ndalama, ndipo pomaliza lisiti. Zonse zimangidwe pamodzi ndi sitepula.

Madeti ndiwo amaulula zambiri. Kotesheni ya pa 20 siingatsogolere lisiti la pa 12. Owerengera ndalama akaona zotere amadziwa kuti katundu adagulidwa kaye, mapepala n'kusakidwa pambuyo. Mukalipira, dindani kapena lembani modutsa pa invoisi ndi pa lisiti kuti "ZALIPIDWA", ndi tsiku ndi nambala ya vocha, kuti pepala lomwelo lisadzabwerenso mwezi wina kudzalipiridwa kachiwiri.

Malisiti otuluka pa makina a m'sitolo zikuluzikulu amafufutika pakapita miyezi yochepa, makamaka akakhala potentha. Apangeni fotokope akadali atsopano, mumange fotokopeyo pamodzi ndi lenilenilo.

Kwathu kuno hadiweya ili imodzi. Makotesheni atatu tiwatenga kuti?

Cholinga cha makotesheni atatu n'chakuti mudziwe mtengo weniweni, osati kudzaza fayilo. Choipa chofala n'chakuti wogulitsa mmodzi amakhala ndi mabuku atatu a mayina osiyana, n'kulemba yekha onse atatu, awiriwo akukweza dala. Zimenezi zimagwidwa mosavuta: kalembedwe ka dzanja kofanana, bolopeni imodzi, mawu olakwika mofanana, nambala ya foni imodzi pa mapepala awiri, kapena sitolo imene palibe amene adaionapo.

Ngati sitolo ilidi imodzi, chitani izi. Tumani membala amene ali kale ndi ulendo wa ku boma kuti akatenge mitengo kumeneko, ndipo pofananiza muphatikizepo mtengo wonyamulira katunduyo kufika kwanu, chifukwa simenti yotchipa kutauni itha kudula ikafika pangolo kapena pa lole. Zikakanika, lembani m'maminitsi chifukwa chake mwagula ndi kotesheni imodzi, ndipo pemphani chilolezo cholembedwa kwa a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale a m'dera lanu) kapena ofesi imene idakupatsani ndalama musanagule.

Onse opereka mitengo apatsidwe mndandanda umodzi wofotokoza bwino katundu. "Malata 40" sizikwanira. Lembani geji ndi utali wake, simenti ya matumba a makilogalamu 50 ndi mtundu wake, penti ya mafuta kapena ya madzi ndi malita ake. Popanda izi, wotchipa amapambana ndi malata opyapyala amene adzachita dzimbiri msanga. Simukakamizidwa kusankha wotchipitsitsa, koma mukamudumpha lembani chifukwa.

Pomaliza, musagawe chinthu chimodzi m'tizidutswa pofuna kukhala pansi pa malire amene amafuna chilolezo chapamwamba. Mavocha atatu a simenti kwa wogulitsa mmodzi m'sabata imodzi amaoneka msanga.

Wogulitsa mchenga, nsungwi kapena miyala alibe lisiti. Titani?

Konzani fomu yanu yolandirira ndalama. Pakhale dzina lonse la wogulitsa, mudzi, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya foni ngati ali nayo, chimene wagulitsa ndi muyeso wake, monga ngolo 6 za mchenga, mtengo wa ngolo imodzi, ndalama yonse m'manambala ndi m'mawu, siginecha kapena chidindo cha chala, ndi mboni imene si yolipirayo. Fomuyi ndi ya anthu amene alibedi malisiti. Sitolo yolembetsedwa ikakana kupereka lisiti lake, kagulani kwina.

Polandira katundu tiziona chiyani?

Werengani chimodzichimodzi wobweretsayo ali pomwepo, mukufananiza ndi oda, osati ndi invoisi yokha. Matumba a simenti agwireni: lolimba ngati mwala lidanyowa, libwezeni. Malata onani geji ndi utali. Mabokosi a choko ndi mitolo ya makope tsegulani ingapo. Chosowa kapena choonongeka chilembedwe pa delivery note musanasaine, chifukwa mukasaina mwavomera zonse.

Kenako katunduyo alowe m'buku la m'stolo, ndipo potuluka asainire womutenga. Pa zomangamanga apa ndi pamene pamathera ndalama zambiri mwakachetechete: matumba 60 alowa, mmisiri akutenga yekha m'mawa uliwonse, pakutha pa ntchito palibe angafotokoze kumene matumba 9 adapita. Kiyi wa stolo asakhale ndi mmisiri, ndipo matumba opanda kanthu azibwezedwa kuti awerengedwe.

Kufananiza buku ndi sitetimenti ya ku banki kumachitika bwanji?

Mwezi uliwonse, ngakhale mwezi umene simudagule kanthu. Tengani sitetimenti, muchonge chilichonse chimene chikupezeka mbali zonse ziwiri. Zimene zatsala zosachonga ndizo zifotokoze kusiyana.

Tiyerekeze buku lanu likuonetsa kuti pa 30 Juni patsala K842,000, pamene sitetimenti ikuti K935,500. Pochonga mwapeza kuti banki idadula K6,500 yoyendetsera akaunti imene simudalembe, komanso cheke cha K100,000 chimene mudapatsa kalipentala sichinakatapidwe. Lembani K6,500 ija m'buku ngati yotuluka, patsale K835,500. Ku sitetimenti chotsani K100,000 ya kalipentala, patsalenso K835,500. Mbali ziwirizi zafanana. Lembani zonsezi papepala, asaine wokonza ndi woona, liikidwe m'fayilo.

Zikakana kufanana, musalembe nambala yongokwaniritsa. Yesani kugawa kusiyanako ndi 9: kukagawika popanda chotsala, kawirikawiri wina watembenuza manambala, monga kulemba K45,000 m'malo mwa K54,000. Kusiyana kukakhala kuwirikiza kawiri ndalama ina ya m'buku, mwina ndalamayo yalembedwa mbali yolakwika, monga ku zolowa m'malo mwa ku zotuluka. Ndalama yotuluka pa sitetimenti imene ilibe vocha ndi nkhani yoitanitsira komiti sabata yomweyo.

Woona ntchitoyi aziona sitetimenti yeniyeni yochokera ku banki, osati fotokope yobwera ndi msungichuma.

Tingasunge ndalama zingati m'bokosi?

Zochepa, zogulira tinthu ting'onoting'ono, ndipo komiti iike malire m'maminitsi. Njira yabwino ndi ya ndalama yokhazikika. Mwachitsanzo bokosi liyambe ndi K50,000. Zikagwiritsidwa K38,000, wosunga abweretse malisiti a K38,000 ndi K12,000 yotsala, aonjezeredwe K38,000 yokhayo. Tsiku lililonse ndalama za m'bokosi kuphatikiza malisiti zizikwana K50,000. Wapampando aziwerenga mwadzidzidzi, osanena tsiku. Kapepala kolembedwa kuti "ndabwereka, ndibweza" si lisiti, ndipo kakapezeka m'bokosimo kawerengedwe ngati ndalama yosowa.

Ndalama zolandira, monga zopereka za makolo kapena zogulitsa mbewu, zisalowe m'bokosili. Zipite ku banki zonse monga zilili.

Nanga Airtel Money ndi Mpamba?

N'zothandiza kumene banki ili kutali, ndipo zimasiya umboni wa nambala yolandira ndi nthawi. Vuto limabwera ndalama za bungwe zikaikidwa pa nambala ya munthu, pamene zimasakanikirana ndi mayunitsi ndi zogula zapakhomo. Funsani kaye ngati pulogalamu yanu imalola njirayi. Ikalola, tsegulani akaunti m'dzina la bungwe, lipirani pa nambala yolembetsedwa m'dzina la wolandirayo, lembani nambala ya uthenga wotsimikizira pa vocha, ndipo tengani sitetimenti mwezi uliwonse. Ndalama zodulidwa potumiza zilembedwe pazokha. Uthenga wa pafoni sulowa m'malo mwa invoisi kapena lisiti.

Maalawansi ndi ndalama zopatsiratu munthu tiziyendetsa motani?

Apa ndi pamene mafunso a owerengera ndalama amachulukira. Mlingo wa alawansi uchokere m'malangizo a pulogalamu, osati pa zimene komiti yagwirizana tsikulo, ndipo mapulogalamu ena salola n'komwe alawansi ya misonkhano ya komiti. Pamsonkhano pakhale mapepala awiri: la opezekapo, losainidwa tsiku lililonse m'mawa, ndi lolandirira ndalama. Mayina ndi masiginecha a mapepala awiriwa azifanana. Wina asasainire mnzake, ndipo amene sadabwere salandira ngakhale atakhala wapampando.

Munthu akapatsidwa ndalama zoti akagwirire ntchito, zilembedwe m'buku pa dzina lake ngati ngongole. Akabwerako abweze malisiti ndi chenji m'masiku amene mudagwirizana. Masiku 7 ndi okwanira pa ntchito zambiri. Asapatsidwe zina asanatseke zoyambazo. Chenji chilandiridwe ndi lisiti n'kubwerera ku banki.

Mafuta a njinga yamoto aziyendera limodzi ndi buku la maulendo: tsiku, kopita, chifukwa, makilomita ponyamuka ndi pobwera. Lisiti la mafuta palokha limangoonetsa kuti mafuta adagulidwa, silinena thanki imene adalowa.

Mitengo yakwera, bajeti siikukwananso. Tingasunthe ndalama kuchoka pa chinthu china?

Zimachitikadi, makamaka ndalama zikafika mochedwa. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabajeti olembedwa miyezi ingapo m'mbuyo adatsala kutali ndi mitengo ya m'sitolo. Koma kusuntha ndalama panokha n'kulakwa, ngakhale cholinga chili chabwino. Komiti ikumane, ione makotesheni atsopano, isankhe chochepetsa kapena chosiya, ilembe kalata yopempha kusintha, ndipo idikire yankho lolembedwa. Chilolezo cha pafoni chimaiwalika, ndipo ofisala amene adachipereka amatha kusamutsidwa. Ngati mwauzidwa pakamwa, lembani kalata yobwereza zimene mwamvazo, akudindireni kope lanu.

Ndi bwino kumaliza zimbudzi ziwiri kusiyana ndi kuyamba zinayi n'kuzisiya pa maenje. Kumbukiraninso kuti chaka cha chuma cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, choncho funsani msanga za ndalama zimene zingatsale pofika tsikulo.

Mmisiri akufuna ndalama zonse asanayambe. Timupatse?

Ayi. Lembani mgwirizano wa tsamba limodzi kapena awiri: ntchito yake, miyeso, mtengo wonse, masiku, amene akugula zipangizo, ndi magawo olipirira. Pa nyumba magawowo atha kukhala pomaliza maziko, pofika pa lintala, pofolera, ndi pomaliza pulasitala ndi penti. Gawo lililonse lilipiridwe ataliona anthu awiri a komiti, ndipo pa ntchito yaikulu aonenso a zomangamanga a ku khonsolo. Sungani kagawo kochepa ka mtengo wonse, monga 5 kapena 10 peresenti, mpaka nyumbayo itapyola mvula, ndipo zimenezi zilembedwe mu mgwirizano kuyambira pachiyambi kuti pasadzakhale mkangano.

Kodi kabungwe kakang'ono ngati ife kamakhudzidwa ndi msonkho?

Kangakhudzidwe. Pa malipiro ena, monga a kontrakitala, lendi kapena ntchito za ukatswiri, wolipira amayenera kudula msonkho n'kuupereka ku MRA, bungwe lotolera misonkho, pofika pa 14 mwezi wotsatira, pokhapokha wolandirayo ataonetsa satifiketi yomuchotsera kudulidwako imene masiku ake sadathe. Milingo yake imasintha ndi bajeti ya boma, choncho funsani ku ofesi ya MRA kapena kwa akawuntanti wa ku khonsolo musanalipire. Msonkho wodulidwa si wanu. Kuusunga mu akaunti kapena kuugwiritsa ntchito ina kumabweretsa chindapusa.

Membala wa komiti ali ndi sitolo. Angatigulitse katundu? Nanga a mfumu kapena a khansala akatiuza woti timupatse ntchito?

Kumudzi n'kovuta kupeza wogulitsa amene si m'bale wa aliyense, choncho chofunika ndi kuulula. Membalayo anene poyera ubale wake msonkhano usanayambe, zilembedwe m'maminitsi, atuluke pamene nkhaniyo ikukambidwa, ndipo asasaine pepala lililonse la malipirowo. Ngati malangizo a pulogalamu akuletseratu, ndiye basi.

Atsogoleri alandireni mwaulemu, ndipo auzeni kuti munthu wawoyo abweretse kotesheni monga ena onse. Akaumirira, apempheni kuti alembe kalata yoti muike m'fayilo. Amene adzayankhe mafunso pa ndalamazo ndi osaina, osati wolamula pakamwa.

Anthu a m'dera ayenera kudziwa zochuluka bwanji?

Zonse zokhudza ndalama za boma. Pachipupa cha ofesi kapena pa bolodi pamatidwe pepala loonetsa zimene zalandiridwa, tsiku lake, zimene zagulidwa, kwa ndani, pa mtengo wanji, ndi zotsala. Pamsonkhano wa makolo kapena wa mamembala liwerengedwe mokweza m'chilankhulo chimene anthu amamva. Makolo amadziwa mtengo wa ngolo ya mchenga m'dera lawo kuposa aliyense wochokera ku Lilongwe, ndipo mtengo wokwezedwa dala amauzindikira pomwepo.

Tapeza kuti ndalama zasowa. Tiyambire pati?

Tetezani mapepala kaye. Mabuku, mavocha ndi buku la macheke zichoke m'manja mwa wokayikiridwayo, zisungidwe ndi anthu awiri, ndipo banki iuzidwe kuti iimitse siginecha yake kufikira nkhani itaoneka. Anthu awiri kapena atatu amene sakukhudzidwa awerengere kuchuluka kwa zosowazo ndi kulemba lipoti. Munthuyo apatsidwe mpata wofotokoza mbali yake, molemba. Osamunyoza pagulu, chifukwa nthawi zina vuto limakhala la kalembedwe chabe.

Kenako dziwitsani ofesi imene idapereka ndalama. Apa makomiti ambiri amalakwa pofuna kuthana nazo pachibale: amagwirizana kuti munthuyo azibweza pang'onopang'ono, lipoti n'kulembedwa ngati zonse zili bwino. Lipoti labodzalo limalowetsa m'mlandu onse amene alisaina. Kubweza n'kwabwino ndipo kulandiridwe ndi lisiti, koma sikuchotsa udindo wonena. Pamene pali kuba kapena mapepala opeka, nkhani ipite kupolisi. Pamene pali ziphuphu, ipite ku ACB.

Owerengera ndalama akubwera. Tikonzekere bwanji?

Musayambe kulemba mapepala amene sadalembedwe pa nthawi yake. Lisiti losowa likhale losowa, mulembe chikalata chofotokoza zimene zidachitika, kapena mupemphe kope kwa wogulitsa lolembedwa kuti ndi kope. Lisiti losowa ndi kufooka kwa kayendetsedwe, pamene lisiti lopeka ndi mlandu.

Yalani mgwirizano, pulani ndi bajeti, makalata osinthira bajeti, buku la ndalama, masitetimenti ndi mapepala ofananizira a mwezi uliwonse, mavocha motsatana, maminitsi, buku la m'stolo ndi kaundula wa katundu. Adzasankha mavocha angapo n'kuwalondola mpaka pa chinthu chenichenicho, choncho yembekezani kuti adzawerenga madesiki, adzayeza chimbudzi, mwinanso kuimbira foni wogulitsa kapena munthu amene adasainira alawansi. Zimene apeza muziyankhe molemba, mutchule amene akonze chilichonse ndi tsiku lake.

Mapepala asungidwe zaka zosachepera 7, kapena kupitirira ngati mgwirizano watero, m'kabati yotseka, pamwamba, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha.

Komiti yathu yatha nthawi, kukubwera yatsopano. Tisiyirane motani?

Pamsonkhano umodzi, akale ndi atsopano ali pamodzi, pamaso pa mboni yochokera ku ofesi imene imakuyang'anirani. Buku la ndalama litsekedwe tsiku limenelo ndi mzere, lifananizidwe ndi sitetimenti yatsopano, ndalama za m'bokosi ziwerengedwe. Chikalata chosiyirana chitchule ndalama ya ku banki, ya m'bokosi, nambala ya cheke chomaliza kugwiritsidwa ntchito ndi masamba otsala, ngongole zimene bungwe lili nazo, anthu amene sadabweze malisiti, katundu wa m'stolo, makiyi, chidindo ndi mafayilo onse. Nambala zachinsinsi za pafoni ndi za pa intaneti zisinthidwe tsiku lomwelo.

Msungichuma watsopano asasaine kuti walandira chimene sadachiwerenge ndi manja ake. Pakakhala chosowa, chilembedwe pa chikalatacho pamodzi ndi dzina la woyenera kuchifotokoza, ndipo kope limodzi lipite ku khonsolo.